Kuwotcherera zitsulo ndi magetsi: momwe mungayambire kuti msoko ugwire

Munthu akagwira holda (chogwirira waya wowotcherera) koyamba, zinthu ziwiri zimamugwetsa ulesi. Choyamba, rodi, waya wowotchererayo, imamatirira pa chitsulo n'kuyamba kufiira iye akulimbana nayo. Chachiwiri ndiye chimapweteka mtima: msoko watuluka ndithu, ukuoneka ngati wagwira, koma kungomenya kamodzi ndi hamala zitsulo zija n'kulekana. Ambiri amathamangira kunena kuti makina ndi oipa. Kawirikawiri makina alibe mlandu. Chitsulo sichinapalidwe, ethi (chingwe chobwezera magetsi ku makina) sinagwire bwino, moto sunachunidwe molingana ndi rodi, ndipo maso anali pa kuwala m'malo mokhala pa chitsulo chimene chikusungunuka. Malangizo awa ndi a kuwotcherera ndi rodi pa chitsulo wamba, chija amapangira mageti, mafelemu ndi miyendo ya matebulo.

Zida zofunika

- Makina owotcherera. Alipo a thiransifoma, olemera kwambiri, amene amatulutsa magetsi a AC. Aliponso a inveta, opepuka moti mutha kuwakoleka paphewa, amene amatulutsa DC. Wophunzira amaona bwino ndi inveta chifukwa lawi lake limayaka mosavuta ndipo silitekeseka. Makina ofika ma ampu 160 (ampu ndi muyezo wa moto wa makina) ndi okwanira ntchito zonse zoyambira.
- Holda yogwirira rodi ndi chopanira cha ethi, chilichonse ndi chingwe chake chosang'ambika.
- Marodi a E6013, a 2.5 mm ndi a 3.2 mm.
- Helimeti yowotcherera yokhala ndi galasi lakuda la nambala 10 kapena 11. Mukapitirira ma ampu 150, pitani pa 12.
- Magalasi oyera otchinjiriza maso, ovala mkati mwa helimeti.
- Magolovesi achikopa aatali, ovolosi ya thonje, epuloni yachikopa ndi nsapato zachikopa zotseka mpaka mu akakolo.
- Kahamala kosongoka kogogodera nkhanambo (zotsalira zouma pamwamba pa msoko), bulashi ya waya, gulayinda, pulayasi, zopanira, sikweya ndi tepi yoyezera.
- Chozimitsira moto cha ufa, kapena ndowa ya mchenga wouma.
- Zidutswa za chitsulo zokhuthala 5 kapena 6 mm zophunzirirapo. Musayambe ndi lata kapena paipi yopyapyala, ibooka musanaphunzire kanthu.

Pa makina pamalembedwa chinthu china chimene anthu ambiri sachiwerenga, chotchedwa duty cycle. Chimawerengedwa pa mphindi 10. Pakalembedwa 60% pa ma ampu 160, ndiye kuti pa moto umenewo muwotcherere mphindi 6, makina apume mphindi 4. Mukawaumiriza amatentha n'kudzizimitsa okha, ndipo amene alibe chitetezo chimenecho amapsa.

Kuwerenga nambala ya rodi

Rodi ndi waya wachitsulo wokutidwa ndi mankhwala. Waya umasungunuka n'kudzaza mpata, mankhwala aja amapsa n'kutulutsa mpweya wotchinga chitsulo chosungunuka kuti mpweya wakunja usachiwononge. Otsala amayandama pamwamba n'kuuma ngati nkhanambo ya pa bala. Owotcherera amati silagi.

Nambala imene ili kumapeto kwa rodi ili ndi tanthauzo. Pa E6013, chilembo E chikuimira rodi yamagetsi, 60 akunena kulimba kwa msoko, kuti ungapirire kukokedwa ndi mphamvu ya 60,000 psi (mapaundi pa sikweya inchi iliyonse). Nambala 1 ikutanthauza kuti rodiyo imawotcherera mbali zonse: pansi, cham'mbali, chokwera ndi pamwamba pa mutu. Nambala yomaliza ikunena mtundu wa mankhwala ndi magetsi amene amayenerana nawo.

E6013 imayaka mosavuta pa AC ndi DC pomwe, moto wake sulowa kwambiri m'chitsulo, ndipo nkhanambo yake imachoka mosavuta. Ndiyo yophunzirira. E6011 imalowa mozama ndipo imapirirako dzimbiri, koma imathetheka kwambiri. E7018 imapereka msoko wolimba pa zinthu zonyamula katundu wolemera, koma imadana ndi chinyezi ndipo imavuta kuyatsanso ikazima. Isiyeni kaye mpaka dzanja litakhazikika.

Ndondomeko yake

1. Konzani malo. Mbaliwali zimatha kuuluka mpaka mamita 10, ndipo zimagwera m'ming'alu momwe simukuona. Chotsani mapepala, nsanza, utuchi, petulo, penti ndi mabotolo a gasi. Pansi pakhale pouma. Malowo azipita mphepo, chifukwa utsi wa rodi suyenera kulowa m'mapapu, koma mphepo yamkuntho isamawombe pa msoko. Ngati pali anthu odutsa, makamaka ana, ikani chotchinga. Mwana amayang'anitsitsa kuwala kumeneku chifukwa n'kokongola, ndipo sadziwa kuti kukumuotcha maso.

Chenjezo: musawotcherere kapena kudula diramu kapena thanki imene munali mafuta, ngakhale itaoneka youma kwa zaka. Mpweya wa mafuta wotsalira m'kati umaphulika, ndipo wapha anthu odziwa ntchito.

2. Valani mokwanira. Lawi la magetsi limatulutsa kuwala kumene kumaotcha khungu ngati dzuwa loswa mtengo, koma m'mphindi zochepa chabe. Mangani mabatani mpaka m'khosi, manja a malaya afike m'magolovesi, miyendo ya buluku ikhale kunja kwa nsapato kuti chitsulo chamoto chisagweremo. Zovala za nayiloni ndi poliyesita zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Vulani mphete, wotchi ndi tcheni, ndipo tulutsani laita m'thumba.

Chenjezo: magalasi a dzuwa sateteza maso, ndipo kutsinzina kapena kuyang'ana kumbali poyatsa sikuthandiza. Ululu wake subwera pomwepo. Umabwera patapita maola angapo, kawirikawiri usiku, maso akulira misozi ngati mwathiridwa mchenga. Zikakuchitikirani musatikite maso kapena kuthiramo zinthu zongouzidwa ndi anzanu. Pitani kuchipatala. Munthu amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda afunse dokotala asanayandikire makina owotcherera.

3. Palani chitsulo mpaka chiwale. Apa ndi pamene ulesi umawononga ntchito yambiri. Dzimbiri, penti, girizi ndi chinyezi zikapsa zimatulutsa mpweya umene umatsekeredwa mu msoko n'kusiya timabowo. Palani ndi gulayinda pafupifupi masentimita awiri mbali zonse za pamene msoko udutse, mpaka chitsulo choyera chioneke. Palaninso pamene pagwire ethi.

Chenjezo: chitsulo chotuwa chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi a madzi ndi malata, chimatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa ngati chimfine chachikulu, kutentha thupi ndi kunjenjemera. Palani zinkiyo ichoke ndipo wotchererani panja. Musatsukenso chitsulo ndi mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi klorini, chifukwa akakumana ndi lawi amasanduka mpweya wapoizoni wotchedwa phosgene.

4. Lumikizani zingwe makina ali ozimitsa. Yang'anani chingwe chilichonse kuyambira ku makina mpaka kumapeto. Pamene pang'ambika, sinthani. Pa inveta pali mabowo awiri, + ndi −. Nthawi zambiri holda imapita ku + ndipo ethi ku −, koma E6013 imagwira mbali zonse ziwiri, ndipo pa chitsulo chopyapyala kuika holda ku − kumachepetsa kubowola. Pa paketi ya marodi pamalembedwa mbali yoyenera. Potozani mapulagi mpaka athine, chifukwa ogwedera amatentha n'kusungunula bowo la makina.

Ethi ipanidwe pa chitsulo chimene mukuwotchereracho, kapena pa tebulo lachitsulo chakhalapo, pafupi ndi msoko. Magetsi amachoka m'makina, kudutsa m'rodi, kulumpha kampata, kulowa m'chitsulo n'kubwerera kudzera mu ethi. Njira imeneyi ikatsamwa paliponse, lawi limafooka ngakhale mutaonjezera moto chotani. Ndikakumana ndi munthu amene rodi ikumumatirira, ndimayamba ndayang'ana ethi ndisanakhudze china chilichonse.

Chenjezo: ngati mukugwiritsa ntchito chingwe chotalikitsira magetsi, chikhale chonenepa, chachifupi, ndipo chitambasuleni chonse. Chingwe chokulungidwa chimatentha. Pa galimoto, masulani batire kaye, ndipo ethi isakhale pamalo poti magetsi adutse m'mabeyaringi.

5. Chunani moto molingana ndi rodi. Poyambira pabwino pa E6013 ndi apa: rodi ya 2.5 mm, ma ampu 60 mpaka 90, ya 3.2 mm, 90 mpaka 130, ya 4.0 mm, 130 mpaka 170. Yambani pakatikati, muwotcherere pa kachidutswa koyesera, kenako sinthani ma ampu 5 kapena 10 nthawi imodzi. Manambala a pa makina ambiri sanena zoona ndendende, choncho khulupirirani zimene chitsulo chikukuonetsani. Rodi isanenepe kuposa chitsulo chimene mukulumikiza.

Panani rodi mu holda kumbali yopanda mankhwala, mutavala magolovesi ouma. Makina akangoyaka, pa rodi pamakhala mavoti pakati pa 50 ndi 80 ngakhale musanayambe kuwotcherera. Ndi magolovesi onyowa ndi thukuta, mutaima pa simenti yonyowa, mavoti amenewo akhoza kupha. Musawotcherere pamvula, ndipo musapanire holda m'khwapa.

6. Yatsani lawi. Khalani mokhazikika, gwirani holda ndi manja awiri, chigongono chitsamire penapake. Ikani nsonga ya rodi pafupi ndi poyambira, tsitsani helimeti, kenako khwatchulani rodi pa chitsulo ngati mukuyatsa machesi. Lawi likangoyaka, nyamulani pang'ono kwambiri, kenako bwererani pafupi. Njira ina ndi yojompha: gogodani kamodzi n'kunyamula msanga. Yokhwatchula ndi yosavuta kwa woyamba.

Rodi ikamatirira, ipotozeni mwamsanga kumanja ndi kumanzere, ithothoka. Ikakana, tsegulani holda muisiye pomwepo, izizire, muithyole ndi pulayasi. Musaime n'kumaikoka ikufiira, chifukwa mankhwala ake akupsa ndipo makina akuvutika. Rodi yomwe mankhwala athothoka kunsonga imamatiriranso, ndiye itentheni pa kachidutswa kena mpaka ifike pamene pali mankhwala.

Tengani rodi ziwiri kapena zitatu mungophunzira kuyatsa ndi kuzimitsa basi. Si kuwononga.

7. Yang'anani chithaphwi, osati kuwala. Apa ndi pamene pagona luso lonse. Chitsulo wamba chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, ndipo lawi la rodi limatentha kuposa madigiri 3,000. Pansi pa nsonga ya rodi pamapangika kachithaphwi ka chitsulo chamadzimadzi. Woyamba kumene amaona kuwala kokha, ndipo dzanja lake limathamanga chifukwa cha mantha. Chotsani maso pa lawi muwaike kumbuyo kwake pang'ono. Muona zinthu ziwiri zamadzi: chitsulo chowala chooneka ngati dzira, ndi nkhanambo yoderako imene ikuyandama n'kumatsalira m'mbuyo. Mukatha kusiyanitsa ziwirizi, mwayamba kuwotcherera. Ngati simukuona kanthu, pukutani kapena sinthani kagalasi koyera ka kutsogolo kwa helimeti, ndipo suntsani mutu kumbali kuti utsi usakutchingeni komanso musaupume.

Chithaphwicho chimamvera zinthu zitatu zimene zili m'dzanja lanu.

Mpata wa pakati pa rodi ndi chitsulo ukhale wofanana ndi kunenepa kwa waya wa rodiyo. Pa rodi ya 3.2 mm ndi mamilimita atatu okha. Pafupifupi aliyense wophunzira amautalikitsa poopa kumatirira, ndipo amaiwala kuti rodi ikufupika pamene ikupsa. Dzanja liyenera kuyenda njira ziwiri nthawi imodzi, kutsata msoko ndi kutsika pang'onopang'ono. Khutu lithandize: mpata wabwino umalira mosalekeza ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya, wautali umachita phokoso lophulikaphulika n'kumwaza timadontho ponseponse.

Kupendeka kwa rodi kukhale madigiri 10 mpaka 15 kuchoka poimirira chilili, mutu wa rodi utapendekera kumene mukupita. Rodi imakokedwa, sikankhidwa. Wogwira ndi dzanja lamanja ayambe kumanzere kupita kumanja. Mukakankha, nkhanambo imatsogola n'kukwiririka pansi pa chitsulo.

Liwiro limachokera ku chithaphwi. Dikirani pang'ono poyambira mpaka chikule kufika kawiri kunenepa kwa rodi, kenako yendani mosunga kukula komweko, lawi lili kutsogolo kwa chithaphwicho. Chikayamba kuchepa n'kusongoka ngati mchira, mwafulumira. Chikafufuma ndipo nkhanambo ikufuna kupitirira rodi, mwachedwa. Musayambe ndi kugwedeza rodi uku ndi uku monga mumaonera akatswiri. Lembani mizere yowongoka ndi choko pa chitsulo, muitsate, mzere umodzi pambali pa unzake, mpaka mbale yonse itadzaza.

8. Malizani bwino, yambiraninso bwino. Pofika kumapeto musangozula rodi. Imani kamphindi, bwererani m'mbuyo pang'ono kuti kadzenje ka kumapeto kadzaze, kenako nyamulani. Kadzenje kosadzaza ndi pamene mng'alu umayambira. Rodi ikatsala masentimita asanu, sinthani, isawotche holda. Gogodani nkhanambo pamene munalekera, yatsani lawi sentimita imodzi kutsogolo kwake, bwererani pa kadzenje kaja, kenako pitirizani.

9. Chotsani nkhanambo, muwerenge msoko. Dikirani kufiira kuthe. Gogodani ndi kahamala moloza kutali ndi nkhope, magalasi oyera ali kumaso, chifukwa nkhanambo yotentha imathetheka ngati galasi. Pukutani ndi bulashi ya waya. Msoko wabwino ndi wofanana m'lifupi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, uli ndi timizere tokhotakhota toyandikana, ndipo m'mphepete mwake mwalowerera m'chitsulo popanda ngalande kapena mlomo wolendewera. Moto ndi liwiro zikagwirizana, nkhanambo ya E6013 imayamba kudzikanganula yokha.

Chitsulo chimasiya kufiira chikadali chotentha moti n'kusupula dzanja. Chigwireni ndi pulayasi. Musachizizitse ndi madzi ngati ndi ntchito yeniyeni, chifukwa msoko ukhoza kuuma n'kung'aluka.

10. Tsopano lumikizani zitsulo ziwiri. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikamazizira chimakoka. N'chifukwa chake felemu imene inali pa sikweya imatuluka yopindika. Panani zidutswa, ikani timadontho tating'ono togwirizira kumapeto konse ndi pakati, yezaninso ndi sikweya, wongolani ndi hamala, kenako wotchererani. Pa felemu musamalize ngodya imodzi yonse musanagwirize zinazo, ndipo muzisinthasintha mbali kuti kukoka kugawanike.

Polumikiza zitsulo mutu ndi mutu, siyani kampata ka mamilimita awiri kapena atatu kuti moto ulowe mpaka pansi. Chitsulo chikapitirira 6 mm, sengani m'mphepete ndi gulayinda kuti zikakumana zipange V wa madigiri pafupifupi 60, ndipo mudzaze ndi mizere ingapo, kuchotsa nkhanambo yonse pakati pa mzere uliwonse. Polumikiza mooneka ngati T, rodi iloze pakona penipeni pa madigiri 45, moto muonjezere pang'ono. Chitsulo china chikakhala chonenepa kuposa chinzake, lozetsani lawi kwambiri ku chonenepacho.

Kenako thyolani ntchito yanu. Wotchererani T mbali imodzi, ipaneni pa vayisi, imenyeni ndi hamala yaikulu mpaka ithyoke, muone m'kati. Ngati m'mphepete mwa chitsulo mukuonekabe mmene munadulira, moto sunalowe, msoko unangokhala pamwamba. Musapange chinthu chonyamula anthu kapena katundu wolemera, monga ngolo yokokedwa ndi galimoto, makwerero kapena denga, mpaka munthu wodziwa ntchito ataona misoko yanu yothyoledwa.

11. Tsekani ntchito. Chotsani rodi mu holda, zimitsani makina, zulani pulagi. Marodi abwerere m'chotengera chotseka pamalo ouma. Khalani pamalopo mphindi zosachepera 30 mukuyang'ana ngati pena pakufuka utsi, chifukwa moto wa mbaliwali umayamba mwakachetechete.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

*Rodi ikumatirirabe.* Ethi yagwira pa penti kapena dzimbiri, moto wachepa, rodi yanyowa, kapena magetsi akufika ofooka chifukwa cha chingwe chachitali chopyapyala. Yang'anani motsatana momwemu.

*Msoko wokwera ngati nyongolotsi yagona pa chitsulo.* Moto wachepa kapena chitsulo n'chonenepa kuposa mphamvu ya rodiyo. Msoko wotere ndi woopsa chifukwa umaoneka wonenepa pamene sunagwire.

*Ngalande m'mbali mwa msoko.* Moto wachuluka, mpata watalika kapena mwathamanga. Chitsulo chadyeka osabwezeredwa, ndipo chidzathyokera pomwepo. Rodi ikamafiira isanathe, ndi umboni winanso woti moto wapitirira.

*Timabowo ngati chisa cha chiswe.* Chitsulo chakuda, rodi ya chinyezi kapena mpata wautali. Musawotcherere pamwamba kuti mubise. Palani zonse zichoke, muyambirenso.

*Nkhanambo yatsekeredwa pakati, makamaka pa T.* E6013 imachita zimenezi kawirikawiri: chitsulo chimamata mbali iyi ndi iyo, pakati n'kutsala mzere wa nkhanambo. Fupikitsani mpata, onjezani moto pang'ono, pendekani rodi mokwanira kuti lawi lizikankhira nkhanambo m'mbuyo.

*Kubowola paipi yopyapyala.* Tengani rodi ya 2.0 kapena 2.5 mm, tsitsani moto, ndipo wotchererani modonthezera: yatsani, zimitsani, dikirani kufiira kuchepe, yatsaninso pamphepete pa dontho lija. Bowo likachitika, lizungulireni ndi timadontho kuchokera m'mphepete mpaka litatsekeka.

*Lawi likuthawira mbali.* Izi zimachitika pa DC, makamaka m'makona ndi kumapeto kwa chitsulo, chifukwa cha maginito amene magetsi amapanga. Suntsani ethi, fupikitsani mpata, kapena yambirani mbali inayo.

*Rodi imodzi pa chitsulo chilichonse.* E6013 ndi ya chitsulo wamba. Chitsulo choumbidwa, chija chimasweka ngati mbiya, chimafuna rodi ya nikelo ndiponso kuchizizitsa pang'onopang'ono. Chitsulo chosachita dzimbiri chili ndi marodi ake, monga E308L. Ngati simukuchizindikira chitsulo, musachiwotcherere mongoyerekeza.

*Kupala msoko mpaka kusalala.* Gulayinda imakongoletsa, koma ngati moto sunalowe pansi, mukupala chokhacho chimene chagwira zitsulozo. Pamene pakufunika kusalala, sengani V poyamba kuti msoko ukhale m'kati mwa chitsulo, ndipo mupale chokwera pamwamba chokha.